Tisanagwetse Khoma: Za Matchalitchi Akale a m'Malokeshoni a Blantyre

Palibe wansembe amene adatumikirapo m'malokeshoni a mzinda wa Blantyre, kaya ndi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, amene sadakhaleko pa msonkhano wa akuluampingo pomwe nkhani yaikulu inali yakuti tchalitchi chachepa. Nkhaniyo imayamba ndi zoona zimene aliyense akuziwona ndi maso. Lamulungu lililonse Misa zimachitika zingapo, komabe akhristu ena amaima pabwalo, namamvera ulaliki kudzera pa zenera, ndipo mvula ikagwa amathithikana pa khomo ngati nkhuku pa khonde. Tsono wina amaimirira nkunena kuti tchalitchi chakalechi nchamdima, nchotentha, ndipo chikutichititsa manyazi pamaso pa mipingo ina imene yamanga zinyumba zazikulu m'mbali mwa mseu. Tigwetse, timange china. Anthu amaomba m'manja, komiti imasankhidwa, miphakati imagaŵana matumba a simenti oti igule. Pa msonkhano wotere munthu amene angafunse kuti, "Kodi tchalitchi chimene tikufuna kugwetsachi adamanga ndani, ndipo adachimangiranji chotere?" amaoneka ngati wobwezera mpingo m'mbuyo. Amamuyankha mwachidule kuti tsabola wakale saŵaŵa.

Ife tikufuna kufunsa funso lomwelo m'nkhani ino. Sitikukana kuti matchalitchi atsopano akufunika. Chimene tikukana ndi kugamula mlandu wa nyumba yakale popanda kuimva, ndiponso kumanga yatsopano popanda muyeso wina uliwonse kupatula kukula kwake. Nkhaniyi ikutikhudza ife ansembe koposa ena onse, pakuti wansembe amakhala pa parishi zaka zoŵerengeka chabe nkusamuka. Mlendo ndi mame. Koma mlendo ameneyu ndiye amasaina kuti khoma limene lidaima zaka makumi asanu ndi limodzi ligwe m'sabata imodzi.

Tiyambe ndi kukumbutsana kuti malo amene lero timaŵatchula malokeshoni adali midzi. Maina ake omwe akuchitira umboni. Machinjiri ndi dzina la ufumu, monganso Kapeni, mfumu imene idalandira amishoni a Church of Scotland pamene adadzakhazikitsa mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876. Tauni ya azungu ndi amwenye itayamba kukula, antchito ake achikuda ankagona m'midzi yozungulira, kunja kwa malire a tauniyo, ndipo midzi ija idanka nidzaza mpaka minda idasanduka mapuloti. Blantyre ndi Limbe adaphatikizidwa kukhala tauni imodzi m'chaka cha 1956, ndipo dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, anthu adakhamukira mumzindamu kuchokera ku Chiradzulu, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chigwa cha Shire. Choncho tchalitchi chakale cha m'lokeshoni kaŵirikaŵiri chimakhala tchalitchi cha kumudzi chimene mzinda udachipeza nkuchimeza. Adachimanga poyesa anthu a midzi iŵiri kapena itatu. Nchosadabwitsa kuti lero chachepa. Chikadapanda kuchepa, bwenzi tikudandaula kuti Mthenga Wabwino sudamere.

Munthu sangakambe za mamangidwe a matchalitchi mu Blantyre osayamba waima pamaso pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene tsopano chili m'manja mwa abale athu a Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP. Chidamangidwa kuyambira chaka cha 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, yemwe uja adalembanso buku lalikulu lotanthauzira mau a Chimang'anja, lotuluka mu 1892. Scott sadaphunzire ntchito yolemba mapulani a nyumba, ndipo anthu amene ankagwira naye ntchito adali asanamangepo chinthu chotere. Njerwa zonse adaumba ndi dothi la pomwepo, naziwotcha ndi nkhuni, ndipo akatswiri adaŵerenga mitundu 81 ya njerwa zosiyana maonekedwe, uliwonse wofuna chikombole chakechake. Zimenezi timazimva kaŵirikaŵiri, ndipo alendo odzaona malo amazilemba m'timabuku tao. Chimene sichinenedwa kwenikweni nchakuti kukongola kwa nyumbayi kudachokera m'kusoŵa. Pakuti padalibe miyala yosema ngati ya ku Ulaya, padalibenso zitsulo zochirikizira denga, omangawo adakakamizidwa kufunsa njerwa kuti ingathe kuchita chiyani. Njerwa idaŵayankha kuti ingathe kupindika pamwamba pa khomo, ingathe kuzungulira nkutseka denga ngati mphika wovundikira, ingathe kutuluka pang'ono pa khoma kuti dzuŵa likapendeka pagwe mthunzi wokometsa. Mukayang'ana khoma lake madzulo mudzaona kuti zokongoletsa zake si zomatapo ai, ndi khoma lomwelo limene likunyamula denga.

Komabe tisachite ngati nyumbayi ilibe mafunso ake. Maonekedwe ake ndi a kutali: nsanja zake, denga lake lozungulira ndi malo ake a guwa zikukumbutsa matchalitchi a ku Ulaya ndi a kuvuma, zimene Scott adaziwona kapena kuziŵerenga. Ndiponso mbiri idasunga dzina la mzungu mmodzi, pomwe manja amene adaponda dothi, kusema zikombole, kusonkheza uvuni usiku wonse ndi kukwera pa nsanja adali a anthu a dziko lino, ambiri a iwo osalembedwa pa mwala uliwonse. Makolo adanena kuti mutu umodzi susenza denga, koma mbiri ya matchalitchi athu yalembedwa ngati kuti mutu umodzi udasenzadi. Vuto limeneli si la a Chipresibeteriya okha. Nafenso Akatolika tikafunsidwa kuti tchalitchi chakutichakuti adamanga ndani, timatchula bambo kapena bulazala wa ku Holland kaya wa ku France, osatchula amai amene ankatunga madzi ku mtsinje kuyambira mbandakucha.

Mpingo wa Katolika udafika mochedwerapo m'chigawo chino, ndipo udayambira kumidzi. Ansembe atatu a chipani cha Montfort, abambo Bourget, Prézeau ndi Winnen, adakhazikitsa mishoni ya Nzama ku Ntcheu m'chaka cha 1901, ndipo m'zaka zotsatira zomwezo chipanicho chidatsikira ku mapiri a Shire, nkukhazika pakati pa malo ena mishoni ya Nguludi ku Chiradzulu. Pa nthaŵi ya Ambuye Louis Auneau, amene adakhala episkopi kuyambira 1910 kwa zaka pafupifupi makumi anai, njira yofalitsira mpingo inali sukulu ya m'mudzi. Nyumba imodzi yomweyo inkakhala sukulu pakati pa sabata, nkukhala tchalitchi Lamulungu, ndipo mphunzitsi ndiye ankatsogolera zonse ziŵiri. Poyamba inali ya mitengo ndi tsekera, yomata ndi dothi, yofolera ndi udzu. Akhristu akachuluka ankaumba zidina, pambuyo pake njerwa zootcha, ndipo malata ankabwera pomalizira penipeni. M'katimo mudalibe mabenchi a matabwa, koma timakoma tatifupi ta njerwa tozira ndi dothi, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, ana kutsogolo. Uyu ndiye kholo la matchalitchi athu a m'malokeshoni. Amene amati ndi nyumba zopanda luso sadziŵa kuti kutalika kwake, kupapatiza kwake ndi mazenera ake aang'ono zidayesedwa potsata utali wa mitengo ya phaso imene anthu akadatha kudula ndi kusenza pamutu.

Chaka cha 1915 chidaonetsa kuti nyumba ya mapemphero imalankhula, ndipo anthu amaimva. M'Januwale wa chaka chimenecho, pa kuukira kwa John Chilembwe, mishoni ya Nguludi idatenthedwa ndipo bambo Swelsen adavulazidwa kwambiri. Patangopita masiku oŵerengeka, asilikali a boma adaphwasula ndi zophulitsira tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene Chilembwe ndi anthu ake adaamanga ku Mbombwe, m'boma lomwelo la Chiradzulu. Boma la atsamunda silidaope njerwa ngati njerwa. Lidaopa zimene njerwazo zinkanena, zakuti anthu akuda angathe kudzimangira okha nyumba ya Mulungu yolingana ndi ya azungu. Ngati adani a tchalitchi amadziŵa kuti kugwetsa khoma ndi kufafaniza chikumbutso cha anthu, ife eniake tisaganize kuti tikagwetsa ndi manja athu, mokondwa ndi moimba nyimbo, ndiye kuti palibe chimene chafafanizika.

Blantyre itakhala arkidayosizi m'chaka cha 1959, ndipo makamaka pa nthaŵi ya Ambuye James Chiona, amene adakhala Mmalaŵi woyamba kuitsogolera kuyambira 1967, nthambi zambiri za m'mphepete mwa mzinda zidakula nkusanduka maparishi. Lero tikutchula Holy Ghost ku Ndirande, St James ku Chilomoni, St Pius cha ku Soche ndi ena ambiri, ndipo parishi iliyonse yotere ili ndi nthambi zake zimene nazonso zikufuna kudziimira. M'nyengo yomweyo Msonkhano Waukulu wachiŵiri wa Vatican udasintha kachitidwe ka chipembedzo. Chikalata chake chonena za Liturjiya, chotuluka mu 1963, chidaphunzitsa kuti Eklezia alibe mtundu umodzi wa luso umene angautchule wakewake, kuti luso la mafuko onse lili ndi malo m'nyumba ya Mulungu, kuti chofunika ndi kukongola kolemekezeka koposa kuwonetsa chuma, ndiponso kuti tchalitchi chimangidwe mothandiza anthu onse kutengako mbali pa mwambo. Guwa lidachoka pa khoma nkubwera pafupi ndi anthu. Matchalitchi ena omangidwa pambuyo pake adasiya maonekedwe a kanjira kakatali, nayamba kutambasuka ngati lichero, kuti onse aziwona guwa chapafupi. Motero m'malokeshoni mwathu muli mibadwo itatu ya nyumba za Mulungu: kachipinda kakatali ka nthaŵi ya sukulu za m'midzi, tchalitchi chotambasuka cha pambuyo pa Msonkhano Waukulu, ndi chinyumba cha masiku ano cha mizati yachitsulo, matailosi onyezimira ndi zokuzira mau pa ngodya iliyonse.

Tsono tiziyesa ndi chiyani nyumba zimenezi? Amene adaphunzira filosofi ku seminale akukumbukira kuti Tomasi Woyera wa ku Aquino adatchula zinthu zitatu zofunika kuti chinthu chikhale chokongola: chikhale chathunthu, zigawo zake zigwirizane, ndipo chiŵale, ndiye kuti chiwonetse poyera chimene chili. Sitikuti muyeso umenewu ndi wokhawo, koma uli ndi ubwino wakuti suyang'ana mtengo wa zipangizo.

Pa za uthunthu, tchalitchi chakale chimapambana mosavuta, pa chifukwa chimodzi chodzichepetsa: chidatha kumangidwa. Anthu adayesa mphamvu zao, namanga chimene akadatha kumaliza. Lero si chachilendo kuwona maziko aakulu atakhala zaka khumi, zitsulo zili njo kuloza kumwamba, zikuchita dzimbiri, akhristu atatopa ndi zopereka zapadera, ena mpaka kuleka kubwera ku Misa poopa kuŵerengedwa maina a amene sadapereke. Ambuye athu adachenjeza za munthu womanga nsanja osayamba wakhala pansi kuŵerengera mtengo wake, ndipo fanizolo timalilalika bwino kwa ena. Tiyenera kuvomera kuti nthaŵi zina kukula kwa pulani sikuchokera ku chiŵerengero cha akhristu, koma ku mpikisano wa maparishi, ngakhalenso ku chilakolako cha wansembe chofuna kusiya dzina.

Pa za kugwirizana kwa zigawo, pali zambiri zoti tinene, pakuti nyumba iyenera kugwirizana ndi thupi la munthu, ndi mau ake, ndi nyengo ya dziko lake. Omanga akale adalibe magetsi, choncho adamanga makoma ochindikala amene amasunga kuzizira, adasiya timabowo pakati pa njerwa chakumwamba kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo nyumbayo idali yakuti mau a munthu mmodzi, osakuzidwa ndi makina, ankafika kumbuyo. Chinyumba chatsopano chimakhala ndi makoma opyapyala, mazenera aakulu a galasi, ndi denga lalikulu la malata lopanda siling'i. M'mwezi wa Okutobala, pa Misa ya masana, anthu amakhala ngati ali m'uvuni. M'Januwale mvula ikaomba malatawo, ulaliki umatha pomwepo. Ndipo poti matailosi ndi simenti zimabweza mau, phokoso limazungulira m'katimo, mwakuti timagula zokuzira mau zina kuti zigonjetse phokoso la zokuzira mau zoyamba. Magetsi akazima, monga amachitira, wansembe amasanduka munthu wongoyendetsa milomo patali. Kwaya imene idaphunzira kuimba ndi ng'oma ndi visekese imakakamizidwa kudalira kiyibodi, ndipo anthu amasiya kuyankha nyimbo chifukwa sakudzimva okha. Pamenepa nyumba yalimbana ndi chimene Msonkhano Waukulu udafuna, ngakhale kuti guwa layang'ana kwa anthu.

Koma tisakometse zakale mopitirira. Kachipinda kakatali kaja kali ndi zolakwa zake zenizeni. Wokhala kumbuyo amaona guwa ngati chinthu cha kutsidya kwa mtsinje. Kanjira kapakati nkopapatiza, kosalola mdipiti wa zopereka monga timachitira kuno, amai atasenza malichero a ufa, ana ovina akutsogolera Buku la Mau a Mulungu. Adakamanga poganizira Misa ya Chilatini, imene anthu ankaimvera atagwada chete. Pa mfundo imeneyi matchalitchi otambasuka aja adachita bwino, ndipo mwa mibadwo itatuyi, ndiwo amene ife tikuŵaona kuti adayandikira kwambiri bwalo la m'mudzi, pomwe anthu amakhala mozungulira nkhani, onse nkumaonana nkhope.

Pa za kuŵala, funso ndi lakuti: kodi nyumbayi ikunena chimene ili? Mutachotsa mtanda pa denga la zinyumba zina zatsopano, simungasiyanitse ndi holo ya ukwati kapena nyumba yosungiramo fodya. Ena amayesa kukonza vutoli pogula mafano a pulasitala ochokera kunja, a nkhope zotuŵa ndi maso obiriŵira, ndi maluŵa a pulasitiki. Ena, ofuna kuti chikhristu chivale chikhalidwe chathu, amapachika chosema chimodzi pa khoma nkumati ntchito yatha. Ku Mua, kumene bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni m'chaka cha 1976, amisiri a dziko lino adaonetsa kuti zitseko, maguwa, mitanda ndi matabernakulo zingathe kusemedwa m'chilankhulo cha maso athu. Koma chosema chabwino chopachikidwa m'nyumba imene sidachiganizire chimakhala ngati mlendo wosapatsidwa mpando. Mmisiri wosema ayenera kuitanidwa pamene pulani ikulembedwa, osati pa sabata ya kudalitsa tchalitchi.

Tsopano timve mbali inayo, pakuti ili ndi mau amphamvu. Wina adzati: Eklezia si nyumba yosungiramo zakale. Malembo Oyera amatchula akhristu eniake kuti ndiwo miyala yomangira nyumba ya Mulungu, ndipo akhristu oyamba ankanyema mkate m'nyumba za anthu. Maepiskopi a AMECEA, pa misonkhano yao ya 1973 ndi 1976, adaika mtima wa mpingo m'miphakati, imene imasonkhana pa khonde la munthu kapena pansi pa mtengo wa mango. Nanga kulira njerwa nkwachiyani? Wina wodziŵa za makolo adzaonjeza kuti maganizo osunga nyumba yakale osaikhudza ndi achilendo kuno. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, amene bambo Matthew Schoffeleers wa chipani cha Montfort adamufufuza zaka zambiri, ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu kamene kamaola, nkumamangidwanso. Kumangansoko ndiko kumasonkhanitsa mafumu ndi anthu, ndipo chipembedzo chimakhala m'kumanga komweko, osati m'mitengo yakaleyo.

Mfundo imeneyi taisinkhasinkha nthaŵi yaitali, ndipo tikuvomera theka lake. Nzoona kuti chopatulika kwenikweni ndi mpingo wosonkhana, ndipo parishi imene ingasiye anthu pa mvula pofuna kusunga khoma yasokoneza zinthu. Koma chitsanzo cha ku Khulubvi chikutsutsa amene akuchigwiritsa ntchito. Kumeneko amamanganso pa malo opatulika omwewo, m'maonekedwe omwewo, potsata mwambo umene akuluakulu amausunga, mwakuti mbadwo watsopano umaphunzira m'manja mwa wakale. Kumanganso kotero ndi njira yokumbukira. Ife tikagwetsa tchalitchi sitichita zimenezo. Timaitana kontilakitala, timatenga pulani imene tidaiwona kwina, ndipo palibe chimene chimadutsa kuchoka ku nyumba yakale kuloŵa m'yatsopano, ngakhale belu. Tsono munthu sali mzimu wokhawokha. Amakumbukira ndi malo, ndi fungo, ndi kuzizira kwa simenti imene adagwadapo tsiku la Ukaristia wake woyamba. Chipembedzo chathu chonse nchamasakramenti, chimakhulupirira kuti Mulungu amatifikira kudzera m'madzi, m'mafuta ndi mu mkate. Nkovuta kuphunzitsa zimenezi m'kalasi ya katekisimu, kenaka nkunena kuti malo amene zinthuzo zidachitikira kwa zaka makumi ambiri alibe kanthu.

Pali chifukwa chinanso, chimene makolo athu sakadachiganizira. Njerwa zootcha zidadya mitengo. Amene adaliwona phiri la Ndirande lili ndi nkhalango akudziŵa m'mene lidasanduka dazi, ndipo ngakhale zifukwa zake nzambiri, makala, nkhuni, minda ndi mapuloti, mauvuni a njerwa ali m'gulu lomwelo. M'Malichi wa 2023 namondwe Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zidakokolola nyumba ku Chilobwe, anthu ochuluka adafa, ndipo otsala adathaŵira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Pambuyo pa zimenezi palibe parishi imene ingawotche uvuni wa njerwa zikwi mazana ndi mtima woyera. Tiyenera kumanga ndi mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi zotsindira ndi makina, zosafuna moto. Koma tanthauzo lake nlakuti khoma lakale la njerwa zootcha silidzabwerezedwanso. Nkhalango idalipira kale mtengo wake. Kuligwetsa nkusandutsa zigumu zokwirira maenje a mu mseu ndi kuwononga mitengo ija kachiŵiri.

Tidaziwona zimenezi pa nthambi ina kumene tinkatumikira tili ansembe achinyamata, ndipo ifenso tidaomba nao m'manja. Tchalitchi chatsopano chitatha, kachipinda kakale kadagwetsedwa Loŵeruka limodzi ndi achinyamata a mpingo, mwachimwemwe. Njerwa zabwino zidapita kukamangira mpanda ndi zimbudzi. Potola zidutswa tidaona kuti njerwa zina zidali ndi zidindo za zala, ndipo imodzi idali ndi phazi la mwana amene adaponda dothi lisanaume. Patapita masabata angapo, gogo wina amene adaadwala nthaŵi yonseyo adabwera ku Misa, naima pa bwalo pomwe padali kachipinda kaja, akuyang'ana uku ndi uku. Adatifunsa kuti, "Bambo, paja pobatizira padali pati?" Ana ake onse adabatizidwira pamenepo, ndipo aŵiri mwa iwo maliro ao adatulukira pa khomo lomwelo. Sitidathe kumuloza malo enieni, pakuti padali pataimikidwa kale galimoto. Tidafufuza m'mabuku a parishi kuti tipeze chaka chimene kachipindako kadamangidwa ndi maina a omanga, koma tidangopeza maubatizo ndi maukwati. Chithunzi chake nchimodzi chomwe palibe amene adajambula.

Malamulo a Eklezia sadatisiye opanda chitsogozo. Buku la malamulo la 1983, pa nambala 1215, limafuna chilolezo cholembedwa cha episkopi tchalitchi chisanamangidwe. Pa nambala 1216 limalamula kuti pomanga ndi pokonza matchalitchi pafunsidwe akatswiri, ndipo patsatidwe mfundo za Liturjiya ndi za luso lopatulika. Pa nambala 1222 limaika m'manja mwa episkopi chigamulo chakuti tchalitchi chileke kukhala nyumba ya mapemphero, ndipo pa nambala 1283 limafuna kaundula wa katundu wa mpingo, kuphatikizapo zinthu za mtengo wapatali pa mbiri ndi chikhalidwe. Mau akuti akatswiri timaŵamva ngati akunena injiniya yekha, woŵerengera kulemera kwa denga. Iyeyo ngwofunikadi, makamaka pa mapiri otsetsereka ngati a Bangwe ndi Soche. Koma mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu amene adaponda nao dothi la tchalitchi choyamba nayenso ndi katswiri, ndipo laibulale yake idzatsekedwa posachedwa.

Kumene malo alipo, tikuwona kuti njira yabwino ndi kumanga chatsopano pambali, chakale nkuchisiya chili chiimire. Ntchito yake siisoŵa. Misa ya m'maŵa pakati pa sabata, imene imasonkhanitsa anthu makumi oŵerengeka, imamveka bwino m'kachipinda kakang'ono koposa m'chinyumba chopanda anthu. Muli malo opembedzeramo Ukaristia mwakachetechete, chinthu chosoŵa kwambiri m'lokeshoni momwe banja lonse limagona chipinda chimodzi ndipo wailesi ya mnansi siizima. Muli malo a akatekumeni, a Misa ya ana, a kulapa. Kumene malo palibe, monga m'kati mwa Ndirande momwe nyumba zidagundana mpaka njira ya maliro imasoŵa, mwina kugwetsa sikungapeŵeke. Pamenepo khoma lakutsogolo kapena nsanja ya belu zingathe kusungidwa nkuloŵetsedwa m'pulani yatsopano, mwala wa guwa ndi pobatizira zisamutsidwe mwaulemu, nyumbayo iyesedwe ndi kujambulidwa isanagwe, ndipo maina a omanga alembedwe akadali kukumbukika. Zonsezi mtengo wake sufika pa wa matailosi a pa guwa pokha.

Kwa abale athu amene akali m'seminale, ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba, tikuti ntchitoyi ingayambe pa tchuthi chikubwerachi. Aliyense amabwerera ku parishi ya kwao, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi foni yojambula. Atenge chingwe choyesera ndi kope, ayese utali ndi mulifupi wa tchalitchi chakale cha pa nthambi yao, aone kumene chidayang'ana ndi kumene mphepo imaloŵera, aŵerenge mazenera, ayang'ane ngati njerwa zidamangidwa ndi dothi, ndi laimu kapena ndi simenti. Kenaka akakhale pa mphasa ndi agogo a mumphakati, aŵafunse kuti dothi lidakumbidwa pati, madzi ankatunga kuti, malata adagula ndi ndalama za chiyani, mmisiri wamkulu adali yani, ndipo Misa yoyamba adachita ndani. Zolembazo kope limodzi lisungidwe ku parishi, lina ku likulu la dayosizi, lina ku laibulale ya seminale.